Amene Ankalongedza Katundu wa Yotamu

Kankhirani chikuni icho pamoto, chifukwa nkhani iyi siyenda bwino pamdima wokhawokha.

Kumtunda kwa Ntchisi uko, pamsika wina waung'ono wa m'mbali mwa msewu wafumbi, panali mmisiri wa matabwa dzina lake Yotamu Kalumbu. Ankakhoma zitseko, mipando ndi mabedi, koma chimene chinkamudyetsa kwenikweni ndi mabokosi a maliro. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja okhakhala ngati khungwa la mtondo. Mkazi wake Nangondo ndiye ankalankhulira onse awiri. Ankagulitsa tomato ndi anyezi pafupi ndi shedi ya mwamuna wakeyo, ndipo akaseka ankamveka mpaka kuchigayo. Mwana anali naye mmodzi yekha, Sungeni, amene ankaphunzira kusekondale yogonera konko.

Nangondo anadwala mutu mvula ili kumapeto, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Poyamba onse ankati ndi malungo. Pamene ankamukweza galimoto ya matola kuti apite naye kuchipatala, khosi linali litauma kale. Anatsirizikira m'njira, mutu uli pamiyendo pa mwamuna wake. Yotamu anamva thupi likulemera, anaona dzanja likugwera pambali, koma sanauze dalaivala kapena wina aliyense. Anangomufunditsa bwino chitenje, n'kukhala phee mpaka galimoto inakaima pachipata cha chipatala.

Bokosi anakhoma yekha. Amisiri anzake anamuletsa, amvekere munthu sakhomera mkazi wake bokosi, koma iye anangotenga sowo n'kuyamba kucheka. Tepi yoyezera sanaikhudze, poti msinkhu wa Nangondo unali m'manja mwake. Amene anaona bokosilo amati silinali ndi mpata ngakhale wolowa nyerere.

Maliro anakaikidwa kwawo kwa mkazi, kwa Kanjiwa, kutsidya kwa dambo. Amayi analira mpaka mawu kusasa. Sungeni anakomoka kawiri, ndipo atatsitsimuka anakakumbatira bambo ake, koma zinali ngati wakumbatira mtengo wouma. Yotamu sanagwetse msozi. Anthu obwera kudzapepesa ankamugwira dzanja, iye n'kumayankha zoyenera kuyankha, maso ali kutali. Apa m'pamene manong'onong'o anayambira. Ena ankati ndi wouma mtima. Ena ankati munthu wodyera maliro a anzake sangalephere kukhala ndi kanthu kena kobisa, ndipo mwina imfa imeneyi akuidziwa bwino. Mawuwo anamufika Yotamu, koma anangomudutsa monga mmene mphepo imadutsira pampanda wa bango.

Atameta maliro, abale a Nangondo anagawana zovala zake, mapoto ndi mbale, monga mwa mwambo. Sungeni anabwerera kusukulu osamva liwu lililonse lomulimbitsa mtima kuchokera kwa bambo ake. Yotamu anatsala yekha m'nyumba imene tsopano inkamveka ngati mgolo wopanda madzi. M'mawa ankapita kushedi, madzulo n'kubwerera. Mlongo wake Felesiya, amene ankakhala kuseri kwa msika, ankamubweretsera chakudya, mawa lake n'kudzachipeza chili chivundikirire. Akamufunsa ngati akudwala, ankati ayi. Ndipo sankanama. Palibe pamene pankamupweteka. Zinali ngati thupi lonse lachita dzanzi, kuyambira kuphazi mpaka m'kati mwa chifuwa.

Choyamba kusowa chinali lumo lometera ndevu. Linkakhala pawindo, ndipo m'mawa wina panalibe. Yotamu sanalifune, anangosiya ndevu kuti zimere. Kenaka chipeso chinasowa. Patapita masiku, malaya ake oyera a kutchalitchi sanapezeke pamsomali pamene ankakolekapo, ndipo jekete yakuda inatsatira. Felesiya atazindikira anati ndi anyamata a pamsika, poti nyumba ya namfedwa ambiri amaiona ngati munda wopanda mwini. Anagula loko watsopano n'kumupatsa mchimwene wake makiyi onse. Koma mawa lake bulangete la pabedi linali litapita, chitseko chili chokhoma, mawindo ali otseka. Wailesi inali patebulo pomwepo. Njinga inali pamalo pake.

Felesiya anaima pakati pa chipinda, n'kuyang'ana uku ndi uku, manja ali m'khosi. Anati m'nyumbamo mukununkhira masamba a tomato. Yotamu anati nayenso akumva, ndipo anatero ngati akunena za nyengo. Mlongo wakeyo anatuluka chafutambuyo, ndipo kuyambira tsikulo chakudya ankachisiya pakhonde.

Pamsikapo panali mlonda wa magolosale, mdala wina wotchedwa a Gwaza, amene mwana wawo wamwamuna anamira mumtsinje zaka zingapo m'mbuyomo. Iwowa ndiwo anaimitsa Felesiya panjira. Anamuuza kuti kukada, m'shedi ya mchimwene wake mumamveka sowo ikucheka ndi hamala ikukhoma, pang'onopang'ono, mosafulumira. Ati tsiku lina anapitako ndi tochi kuti akamuuze munthuyo kuti azipumako, koma anapeza loko ali kunja, m'kati muli mdima bii, ndipo kukhomako kunasiya iwo atangofika pakhomo. Atabwerera pang'ono kunayambiranso.

A Gwaza sananene kuti apite kwa sing'anga. Anati iwo mwana wawo atamwalira anakhala chaka chathunthu akuyenda ngati chidole, ndipo chimene chinawathandiza ndi kagulu ka anamfedwa kamene kankakumana Lachinayi lililonse masana m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale, ana akaweruka. Wotsogolera anali Mayi Kaphale, namwino wopuma ntchito amene anaphunzira za uphungu wa anthu oferedwa. Felesiya ankayembekezera kuti mchimwene wake akana, koma Yotamu anangofunsa nthawi yake. Masiku amenewo akanamuuza kuti akagone pamsewu, mwina akanapita.

Anakapeza anthu osakwana khumi atakhala mozungulira pa timabenchi ta ana. Mayi Kaphale anali munthu wamfupi, wa imvi za apa ndi apo, wolankhula motsitsa. Sankalalikira. Ankafunsa funso limodzi n'kudikira, ndipo chete sankamuopa. Mayi wina anafotokoza kuti mpaka pano amapakulira mbale mwamuna wake amene anamwalira chaka chatha. Mtsikana wina anati iye amakwiyira mayi ake chifukwa chomusiyira ana aang'ono atatu, ndipo akakwiya choncho amachita manyazi kupemphera. Palibe amene anamudzudzula. Itafika nthawi ya Yotamu, anatchula dzina lake lokha, n'kunena kuti iye alibe vuto.

Mayi Kaphale anagwedeza mutu. Anauza gulu lonse, osayang'ana Yotamu, kuti chisoni sichibwera ndi nkhope imodzi. Kwa ena chimabwera ndi misozi, kwa ena ndi ukali, koma kwa ena chimabwera ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukautsina sumva kanthu, koma sikuti wafa. Anati kumeneko si kuuma mtima, ndipo si umboni wa mlandu uliwonse. Yotamu anamva mawuwo monga mmene munthu amamvera wailesi ya nyumba yoyandikana nayo.

Anatuluka dzuwa litapendeka, mphepo ya mwezi wa Juni ikuwomba fumbi. Kuchokera pasukulupo kukafika pamsika msewu umatsika, n'kudutsa pamphambano pamene kanjira ka kwa Kanjiwa kamapatukira kumanzere. Ali pamtsetse paja, anaona mayi akuyenda patsogolo pake, atasenza mtolo womanga m'chitenje. Nkhope sanaione. Chimene anaona ndi kayendedwe: phewa lakumanja lotsika pang'ono, dzanja limodzi likugwedezeka, lina lili m'chiuno. Yotamu sanafulumize, ndipo mayiyo sanachedwetse. Mbuzi zimene zinagona pamsewu zinadzuka n'kupatukira kutchire mayiyo asanafike n'komwe. Wa njinga ya kabaza wina anatulukira kutsogolo ali pa liwiro, n'kudutsa pomwe panali mayiyo osakhotetsa, koma atafika pa Yotamu anaimba belu. Pamphambano mayiyo anakhotera kwa Kanjiwa, udzu n'kumubisa.

Yotamu anaima pang'ono, kudikira kuti mwina mtima ugunda. Sunagunde. Anapitirira kwawo.

Lachinayi lotsatira mayi uja analiponso, pamalo pomwe paja, ndipo mtolo unali utakula. Kumbali kwake kunkalendewera mkono wa malaya oyera. Sabata imeneyo n'kuti chikwama chake cha paulendo, chimene chinkakhala pansi pa bedi, chitasowanso. Ulendo wachitatu Yotamu sakumbukira kuti anakhota liti. Anangomva dzina lake likuitanidwa kumbuyo, ndipo atayang'ana pansi anapeza waponda kale mlatho wa mitengo wa pakati pa dambo. Anali a Gwaza, akupuma wefuwefu. Anamufunsa kumene akupita dzuwa litalowa chonchi, iye n'kuyankha kuti sakudziwa. Mdalayo anayang'ana kutsidya, kumene kunalibe munthu, n'kumugwira mkono kubwerera naye. Anamuperekeza mpaka pakhomo.

M'mawa mwake Mayi Kaphale anafika kushedi. Anati angodutsa, koma zinali zoonekeratu kuti a Gwaza awauza. Anakhala pampando wosamaliza, n'kumaonerera Yotamu akupala thabwa. Kenaka maso awo anagwera kukona, kumene kunali bokosi lalitali, latsopano, lopakidwa kale vanishi, litatsamira khoma. Anafunsa kuti zovuta zagwa kuti. Yotamu anati palibe amene waitanitsa. Anati anangolipeza likukula: tsiku lina matabwa ocheka, tsiku lina mbali zolumikiza, dzulo chivundikiro. Makhomedwe ake ndi ake ndithu, sangakane, koma sakumbukira atagwira hamala.

Mayi Kaphale anayang'ana bokosilo, n'kuyang'ana msinkhu wa munthu amene anaima patsogolo pawo. Sanazungulire nkhani.

“Bambo Kalumbu, ndikufunsani funso, ndipo musandibisire. Kodi mumaganiza zodzipha?”

Yotamu anaika chopalira pansi. Analingalira mofatsa, monga munthu wofuna kupereka muyeso woona.

“Ayi, mayi. Kuti ndidziphe ndiye kuti pali chimene ndikufuna. Ine palibe chimene ndikufuna. Kungoti andilongedzera.”

Anawafotokozera tsono zimene anali asanauzepo munthu. Kale akamapita kukagula matabwa kutali, ulendo wogonera, mkazi wake ndiye ankamulongedzera, ndipo ankayamba masiku angapo ulendo usanafike, poti ankati mwamuna wake angaiwale ndi mutu womwe. Ankayamba ndi lumo ndi chipeso, kenaka malaya, jekete, bulangete, n'kuziika m'chikwama. Zinthu za m'nyumba mwake zasowa motsatana chomwecho, osaphonya. Chatsala ndi nsapato. Nsapato ankamalizira nazo, m'mawa wa ulendo: ankazipolisha n'kuziika pakhomo, zitaloza kunja.

Mayi Kaphale anamvetsera mpaka kumapeto. Pa ntchito yawo anaonapo anthu oferedwa akugawa katundu wawo, ena akuyenda ali m'tulo, ena akuona okondedwa awo pakati pa anthu pamsika. Zonsezi zinali ndi mayina ake. Anamuuza Yotamu kuti sakutsutsa zimene waona, komanso samusiya yekha nazo. Anapempha makiyi a shedi. Anati kuyambira tsikulo azikagona kwa Felesiya, Lolemba apita naye limodzi kuchipatala kukaonana ndi dokotala, ndipo aimbira foni kusukulu kuti Sungeni abwere. Yotamu anavomera zonse. Pa za Sungeni pokha anati mwanayo asavutitsidwe, poti bambo amene anali naye anapita limodzi ndi mayi ake. Mayi Kaphale anati zimenezo akanene mwanayo yekha.

Felesiya atamva za nsapato, anazitenga n'kuzitsekera m'sutikesi yake yachitsulo, kiyi n'kumumangirira m'chiuno. Kuchipatala anapitadi, ndipo Yotamu anapatsidwa mankhwala omuthandiza kugona. A Gwaza anati kushedi kwakhala zii. Akusukulu anati Sungeni abwera Loweruka akamaliza mayeso. Zinaoneka ngati zinthu zayamba kukhazikika, moti Felesiya anayambanso kuseka ndi anzake pamjigo.

Lachinayi Yotamu anapita kugulu atavala patapata. Tsiku limenelo a Gwaza ndiwo analankhula kwambiri, za mwana wawo, ndi mmene anasiyira kudya nsomba. Atamaliza, mayi wopakulira mwamuna wake uja ndiye anayamba kutuluka. Anafika pakhomo n'kuima. Sanakuwe. Anangobwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka anagunda benchi.

Pakhonde la kalasi panali nsapato zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala, zitaikidwa moyandikana bwinobwino. Zinaloza kumsewu. Pabwalo lonse la sukulu panalibe munthu, ndipo fumbi la patsindepo linalibe phazi lachilendo.

Anthu anaunjikana kukona ya kalasi. Mtsikana uja anayamba kupemphera chapansipansi. Yotamu anawadutsa onse, n'kuvula patapata, n'kuvala nsapatozo. Anamanga zingwe mosamala. Kenaka anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda.

A Gwaza anamuthamangira n'kumugwira malaya, koma zinali ngati akukoka ngolo yotsetsereka. Mayi Kaphale anawauza kuti amusiye, asamukoke, koma ayende naye, wina uku wina uku. Anatuma mmodzi wa gulu kuti akaitane Felesiya ndi amuna ena a pamsika. Atatuwo anatsika mtsetse dzuwa lili psuu pamwamba pa mapiri. Mayi Kaphale anafunsa Yotamu ngati mayi uja ali patsogolo, iye n'kuti inde, koma lero sanasenze kanthu. Anamufunsa dzina la mayiyo. Yotamu anayenda kamtunda osayankha, poti chiikireni maliro anali asanalitchulepo. Pamphambano, akukhota, m'pamene analitulutsa, ndipo linatuluka mokhakhala ngati msomali wadzimbiri.

Mayi Kaphale anati awauze za mkazi wakeyo. Anafunsa tinthu tating'onoting'ono: anakumana kuti, ankakonda ndiwo yanji, ankakwiya ndi chiyani. Yotamu ankayankha mawu awiri atatu, maso ali patsogolo. Anati anakumana kuchigayo. Ankakonda chisoso. Ankakwiya akalowa m'nyumba ndi utuchi m'tsitsi. Anawoloka mlatho wa mitengo, chisanu cha m'dambo chikuwalowa m'mafupa. Achule amene nthawi ngati imeneyo amakhala akusokosa anali chete, ndipo chimene chinkamveka ndi nsapato za Yotamu zokha.

Manda a kwa Kanjiwa ali m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu, kunja kwa mudzi, ndipo munthu salowamo wamba popanda adzukulu okumba manda. M'mphepete mwa nkhalangoyo muli mwala wafulati. Pamwalapo panali chikwama cha Yotamu, chotseka bwino, bulangete litapindidwa pamwamba pake. Kuseri kwa mwalawo kanjira kankalowa mumdima wa mitengo.

Mayi Kaphale anali akulankhula, kumukumbutsa kuti Loweruka mwana akubwera, koma mawu awo anathera pakati. A Gwaza anavula chipewa n'kuyang'ana pansi, ndipo sanadzutsenso mutu. Pakati pa mitengo iwiri, pamene kanjira kankathera, mdima unali wothithikana kuposa pena ponse, ndipo unali ndi msinkhu. Mphepo inali itaima, koma m'munsi mwa mdimawo china chake chinkagwedezeka pang'ono, monga imachitira nsonga ya chitenje.

Yotamu anatambasula dzanja kuti anyamule chikwama. Mayi Kaphale sanamugwire. Anangosendera pafupi mpaka phewa lawo linakhudza mkono wake, ndipo analankhula ndi mawu aang'ono, osafanana ndi a m'kalasi aja.

“Musananyamule, alankhuleni. Munawaperekeza kumanda osawauza kanthu. Ine sangandimvere, koma inu akumverani.”

Yotamu anaima dzanja lili m'malere. Atayamba kulankhula, mawu ake anali afulati, ngati akuwerenga miyeso ya matabwa. Anauza mdimawo kuti m'galimoto muja anadziwa nthawi yeniyeni imene anapita. Anati sanauze dalaivala chifukwa ankaona kuti akangokhala chete, ndiye kuti akadali paulendo wa kuchipatala, ndipo munthu amene ali paulendo wa kuchipatala sanafe. Anati chikhalireni chete m'galimoto muja sanatsikemo. Anati m'nyumba mulibe mawu, ndipo iye sadziwa kuyamba nkhani, poti zaka zonsezi woyamba anali iye Nangondo.

Anapuma. Kutali kumudzi galu anauwa kamodzi n'kusiya.

“Nangondo, mwalongedza bwino, monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno sindipita. Mwana akubwera Loweruka, ndipo akapeza nyumba yotseka alowera kuti? Tsogolani. Ndidzakupezani nthawi yanga ikadzakwana.”

Palibe chimene chinayankha. Yotamu anawerama, n'kumasula zingwe, n'kuvula nsapato zija. Anaziika pamwala pambali pa chikwama, n'kutembenuka. Mayi Kaphale ananong'oneza kuti aliyense asacheuke.

Anayenda atatu m'kanjira ka m'dambo, Yotamu ali pakati, wopanda nsapato. Asanapite patali anamva kuti sali atatu. Kumbuyo kwawo udzu unkalira, phazi ndi phazi, mosathamanga. Akachedwetsa, nakonso kunkachedwetsa. Fungo la masamba a tomato linawapeza n'kuwazungulira. A Gwaza anayamba nyimbo ya kutchalitchi koma sanaimalize. Anafika pamlatho, mitengo n'kulira pansi pa mapazi awo, mmodzi, wachiwiri, wachitatu. Anadikira kumva wachinayi. Sanamveke. Mapazi aja anaima kutsidya, ndipo patapita kanthawi achule anayamba kulira, mmodzimmodzi, mpaka dambo lonse linadzaza.

Apo m'pamene zinamugwira Yotamu. Zinayambira m'mapazi, pamene anamva kuzizira kwa dothi ndi kubaya kwa ziputu. Zinakwera m'maondo. Thupi lonse linachita tsemwe, mano n'kuyamba kugundana, mtima ukugunda ngati ufuna kuboola nthiti. Munthu wamtali uja anakhala pansi pakati pa njira, n'kugwira chitenje cha Mayi Kaphale ndi manja onse awiri.

“Mayi, ndikuopa. Musandisiye pano. Ndikuopa kwambiri.”

“Opani, bambo,” anatero Mayi Kaphale. “Amaopa ndi munthu amene akufuna kukhala moyo.”

Kumtunda kunaoneka matochi, ndipo anamva mawu a Felesiya akuitana mchimwene wake. Anamudzutsa n'kumugwirizira mpaka kunyumba. Felesiya atatsekula sutikesi yake, ndi kiyi amene sanachoke m'chiuno mwake, anapeza malo a nsapato ali mbee.

Musaganize kuti Yotamu anachira tsiku lomwelo. Dzanzi likamachoka m'mwendo limachoka ndi ululu. Sungeni atafika, bambo ndi mwana anakhala pakhonde masana onse osadziwa poyambira, mpaka mwanayo anafunsa ngati mayi ake ananenapo kanthu m'galimoto muja. Yotamu anatsekula pakamwa kuti ayankhe, ndipo chimene chinatuluka si mawu. Analira mpaka anthu a pamsika anabwera kudzaona ngati kwagwanso zovuta. Panatsatira miyezi yoipa, ya kusowa tulo ndi kukwiya popanda chifukwa, ndipo Lachinayi lina ankapita kugulu n'kukangokhala duu. Koma ankapita. Bokosi lija analiphwasula pamodzi ndi a Gwaza. Adzukulu a kwa Kanjiwa atapita kukakumba manda ena patapita milungu ingapo, anati pamwala paja sanapezepo kanthu, ndipo m'mudzimo simunaonekepo munthu atavala jekete ya Yotamu.

Mayi Kaphale anasintha nthawi ya gulu. Anati azikumana Loweruka m'mawa, kuti aliyense azifika kwawo dzuwa lili pamutu, ndipo anakhazikitsa lamulo lakuti wobwera kumene asamabwerere yekha, azikhala ndi womuperekeza mpaka pakhomo. Za kumanda zija sankazikamba. Anzawo a uphungu akabwera kuchokera kuboma, ankangowauza kuti anali ndi namfedwa wina amene anatsala pang'ono kutayika, ndipo anapulumuka.

Felesiya yekha ndiye anawapanikiza tsiku lina, atakumana pachigayo. Anati iwo ndi munthu wophunzira, wodziwa za matenda a maganizo, ndiye amuuze zoona: pakati pa mitengo paja anaonapo chiyani? Mayi Kaphale anakhala kanthawi akumanga thumba lawo la ufa. Atalisenza pamutu anati anaona munthu amene sankafuna kuyenda yekha. Felesiya anafunsa ngati akunena mchimwene wake kapena winayo, koma iwo anali atayamba kale kuyenda.